Kusunga ndi Kusamala Motorhome Pakhomo: Malangizo kwa Mabanja Okhala ku Britain

Mawu Oyamba

Kabuku aka n'ka mabanja amene ali ndi motorhome kapena akuganiza zogula, makamaka anzathu okhala ku Britain kumene magalimoto otere ndi ambiri ndipo ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka mosavuta. Motorhome ndi galimoto imene kumbuyo kwake kuli nyumba yathunthu: bedi, kitchini, furiji, bafa ndi chimbudzi. Zambiri zimamangidwa pa magalimoto onyamula katundu monga Fiat Ducato, Peugeot Boxer, Ford Transit ndi Mercedes Sprinter.

Banja la anthu apantchito limayenda nayo masabata owerengeka pachaka. Miyezi yotsalayo imangoima pakhomo, ndipo nthawi imeneyi ndi imene imawonongeka kwambiri. Pamsewu injini imatentha, matayala amazungulira, batire limalandira moto, mpweya umalowa ndi kutuluka. Ikaima zonsezi zimaleka. Madzi otsala m'mapaipi amaundana, chinyezi chimalowa m'makoma, batire limatha, mabuleki amagwira dzimbiri, mbewa zimapeza pogona. Walira mvula walira matope: wogula motorhome wagulanso ntchito yoisamala. Ubwino wake ntchitoyo si yovuta, ndipo yambiri banja lingaichite lokha popanda makaniko.

1. Malo Oimikapo

Musanailowetse pakhomo, fufuzani ngati n'zololedwa. Nyumba zambiri ku Britain, makamaka za m'madera omangidwa chaposachedwa, zili ndi mfundo m'mapepala a umwini zoletsa kusunga kalavani kapena motorhome pabwalo. Ngati nyumba ndi yanu, werengani mapepalawo. Ngati ndi yalendi, pemphani chilolezo kwa mwini nyumba ndipo achilembe. Kambiraninso ndi oyandikana nawo. Galimoto yotalika mamita 6 kapena 7, msinkhu wake pafupifupi mamita 3, ikhoza kutchinga kuwala pawindo la mnzanu kapena kumulepheretsa kuona msewu potuluka. Nkhani yotere imatha bwino mukaiyamba ndinu, osati mnzanuyo atakadandaula kale kukhonsolo.

Malo abwino ndi otere:

- Pansi pouma ndi polimba, pasimenti, panjerwa kapena pamiyala. Pakapinga chinyontho chimakwera kuchokera m'nthaka n'kudyetsa dzimbiri zitsulo za kunsi, ndipo matayala amatitimira mvula ikachuluka.
- Popendekeka pang'ono chabe, kuti madzi a mvula azitsika padenga m'malo mopanga chithaphwi mozungulira mawindo a pamwamba.
- Patali ndi mitengo. Masamba amatseka tingalande ta padenga, utomoni ndi zitosi za mbalame zimawononga penti, ndipo nthambi zimathyoka kukachita chimphepo.
- Pafupi ndi soketi ya magetsi, koma chingwe chisadutse panjira ya anthu oyenda pansi.

Ngati pakhomo n'pochepa, pali malo olipira osungirako. Bungwe la CaSSOA limayendera malo otere n'kuwapatsa magiredi malinga ndi chitetezo chake, ndipo makampani ena a inshuwalansi amatsitsako mtengo galimoto ikamagona pamalo a giredi yapamwamba.

2. Mapepala ndi Malamulo

Galimoto yoima pakhomo sinachoke m'manja mwa lamulo. Iyenera kukhala ndi inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu nthawi zonse, pokhapokha mutadziwitsa bungwe loona za magalimoto la DVLA kuti mwaichotsa pamsewu. Chidziwitso chimenechi ndi SORN. Chimachitika paintaneti kwaulere, ndipo ndalama za msonkho wa miyezi yathunthu yotsala amakubwezerani. Koma galimoto ya SORN siyenera kuyenda kapena kuima pamsewu wa boma, kupatula popita kukayezetsa galimoto pa MOT imene mwapanganiratu tsiku ndi nthawi.

Apa banja liganize bwino. SORN imapulumutsa ndalama za msonkho, koma imakumanani mwayi woyendetsa galimoto mwezi ndi mwezi, pamene kuyendetsako ndiko kumateteza injini, mabuleki ndi matayala. Ngati ndalama zilola, ndi bwino kupitiriza kulipira msonkho n'kumaiyendetsa. Mukasankha SORN, musaimitse inshuwalansi yonse. Sungani ya moto ndi kuba, chifukwa mbala ndi moto sizifunsa ngati galimoto ili pamsewu.

A inshuwalansi auzeni zoona za kumene galimoto imagona usiku. Mukalemba kuti imagona pamalo otetezedwa koma n'kubedwa pakhomo, akhoza kukana kulipira.

MOT imafunika chaka chilichonse galimoto ikakwanitsa zaka 3 ku England, Scotland ndi Wales, ndi zaka 4 ku Northern Ireland. Dziwani kuti MOT imaona za galimoto zokha monga mabuleki, magetsi, matayala ndi utsi. Siona gasi, madzi kapena chinyezi cha m'nyumbamo. Zimenezo zimaonedwa pa habitation check, imene iyeneranso kuchitika kamodzi pachaka. Magalaja amene ali mu Approved Workshop Scheme ndi odziwika pantchito imeneyi. Makampani ambiri opanga ma motorhome amapereka chitsimikizo cha zaka zingapo choti makoma salowa madzi, koma chitsimikizocho chimafa mukadumphitsa chaka osayezetsa.

3. Tsiku Lobwera ku Ulendo

Kutopa kwa ulendo kumanyengerera munthu kuti zonse aziona mawa. Mawalo limasanduka sabata, ndipo pofika nthawiyo furiji yanunkha. Ntchito izi zichitike tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake:

- Tulutsani chakudya chonse, ngakhale mpunga, ufa, shuga ndi mabisiketi a m'kabati. Zam'chitini ndi zam'botolo nazo zituluke nyengo yozizira, chifukwa zikaundana zimaphulika.
- Zimitsani furiji, itsukeni ndi madzi ofunda othira soda pang'ono, ipukuteni, ndipo chitseko chake muchisiye chotsekula pang'ono. Mafuriji ambiri ali ndi kakolekero kogwira chitseko motero.
- Khuthulani thanki ya chimbudzi pamalo ovomerezeka kapena m'chimbudzi cha m'nyumba, osati m'ngalande ya madzi a mvula. Itsukeni, pakani labala la pakamwa pake mafuta a silikoni, ndipo chotsekera chake muchisiye chotsekula kuti chisamatirire ku labalalo.
- Tayani madzi akuda ochokera kusinki ndi kushawa.
- Chotsani zofunda, matawulo ndi zovala.
- Ngati munapinda chinsalu cha mthunzi cha m'mbali chili chonyowa, chitambasuleni chiume kaye.
- Tsekani gasi pasilinda penipeni.

4. Madzi a M'mapaipi

Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Kufufuma kochepa kotereku kumakwanira kung'amba mpopi wa pulasitiki, pampu ngakhale giza, ndipo giza ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri m'nyumbamo. Choipa china n'choti ming'alu siioneka nthawi yomweyo. Mudzaidziwa m'mwezi wa Epulo pothira madzi, pamene ayamba kuchucha kuseri kwa makabati.

Ku Britain chisanu chingagwe nthawi iliyonse kuyambira Okutobala mpaka Epulo. M'miyezi imeneyi khuthulani madzi onse pakutha pa ulendo uliwonse, motere:

1. Imikani galimoto posapendekeka. Zimitsani giza ndi pampu, ndipo dikirani madzi otentha azizire.
2. Tsekulani potulutsira madzi pa thanki ya madzi akumwa ndi pa thanki ya madzi akuda.
3. Tsekulani kavalavu kotulutsira madzi a m'giza. Nthawi zambiri kamakhala pansi pafupi ndi gizayo.
4. Tsekulani mipopi yonse. Mpopi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira ukhale pakati, kuti mapaipi onse awiri alowe mpweya.
5. Masulani mutu wa shawa, ukutumuleni, ndipo paipi yake muigoneke pansi.
6. Yatsani pampu kwa masekondi ochepa kuti ilavule madzi otsala, kenako zimitsani. Musaisiye ikulira yopanda madzi.
7. Chotsani fyuluta ya madzi ngati ilipo. Mudzaika yatsopano poyambanso maulendo.
8. Ngati chimbudzi chili ndi thanki yakeyake ya madzi ogujumulira, ikhuthuleninso.
9. Mipopi ndi mavalavu zikhale zotsekula mpaka ulendo wina. Pasinki ndi pashawa ikani zotsekera kuti fungo lisakwere.

Magiza ambiri a kampani ya Truma ali ndi valavu imene imatsekuka yokha kuzizira kukafika pafupifupi madigiri 3, ndipo silola kutsekedwa mpaka pamalopo patafunda kupitirira madigiri 7. Mukapeza madzi pansi pa galimoto m'mawa wozizira, mwina ndi valavu imeneyi yagwira ntchito yake. Komabe musaidalire yokha, chifukwa imateteza giza, osati mipopi ndi pampu.

CHENJEZO: Mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana ndi poizoni. Asalowe m'mapaipi a madzi akumwa ngakhale dontho.

Nyengo yotentha madzi asagonenso m'thanki masabata ambiri. Tizilombo ta Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi oima ofunda pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo munthu amatipuma mu nthunzi ya shawa. Poyamba maulendo tsukani thanki ndi mapaipi ndi mankhwala opangidwira ntchitoyi monga Puriclean, kenako tsukuluzani kangapo. Bulitchi wa m'nyumba amadya chitsulo cha giza ndi malabala, choncho musamugwiritse ntchito.

5. Chinyezi cha M'makoma

Ili ndilo vuto limene limagwetsa mtengo wa motorhome kuposa lina lililonse. Makoma ake ndi opyapyala: kunja aluminiyamu kapena faiba, pakati chotchinga kuzizira, mkati pulayiwudi, ndipo m'magalimoto akale mafelemu ake ndi a matabwa. Paliponse pamene khoma linabooledwa kuti aike windo, chitseko, nyali, sola kapena mlongoti wa TV, chimene chimatchinga madzi ndi phala lomatira. Phalalo limauma ndi dzuwa n'kung'ambika ndi kugwedezeka kwa pamsewu. Madzi saiwala khwawa: akapeza polowera amabwerera pomwepo mvula iliyonse, matabwa n'kumawola mwakachetechete kuseri kwa khoma looneka bwinobwino.

Zizindikiro zake ndi izi: fungo la nkhungu mukangotsekula chitseko, khoma lofewa mukalidina ndi chala, timatuza kapena mawanga akuda m'makona ndi m'munsi mwa mawindo, masikuluwu a dzimbiri, ndi pansi ponepa mukaponda.

Gulani kachipangizo koyezera chinyezi. N'kotsika mtengo poyerekeza ndi kukonzetsa khoma. Yezani m'makona, mozungulira mawindo, m'makabati a m'mwamba, pansi pa mipando ndi pamene kabini ikulumikizana ndi nyumba. Amisiri ambiri amawerenga motere:

- Kuchepera 15 peresenti: palibe vuto.
- 15 mpaka 20 peresenti: lembani malowo, mudzayezenso pakapita miyezi iwiri kapena itatu.
- Kupitirira 20 peresenti: fufuzani polowera madzi msanga.
- 30 peresenti kapena kuposa: mwina mkati mwawola kale, pitani kugalaja.

Musathamangire kumata pamwamba pa phala lakale ndi silikoni wa kubafa. Sagwira bwino, amatsekera madzi mkati, ndipo mmisiri amavutika kumuchotsa. Phala lakale lichotsedwe, pamalopo payeretsedwe, kenako paikidwe phala lopangidwira makalavani.

Chinyezi china sichichokera kunja koma ndi mpweya wa mkati umene umasanduka mame pamakoma ozizira. Mankhwala ake ndi mpweya woyenda. Tsekulani makabati onse, imikani makushoni ndi matiresi kuti asagunde khoma kapena kawasungeni m'nyumba, ndipo tsiku louma tsekulani zitseko ndi mawindo kwa ola limodzi. Makatani a nsalu mukhoza kutseka, koma zotchinga mawindo za sipuling'i zisiyeni zopinda, chifukwa zikakhala zokoka miyezi yambiri sipuling'iyo imafooka.

Musanaiimike nthawi yaitali, itsukeni kuyambira padenga kutsika m'munsi, kunsi komwe, makamaka ngati mwayenda m'misewu yothiridwa mchere nyengo ya chisanu. Makina opopa madzi mwamphamvu asayandikire phala ndi malabala. Mawindo a nyumbayo ndi a pulasitiki, ndipo mankhwala otsukira magalasi okhala ndi sipiriti amawachititsa timing'alu. Madzi ambiri, sopo wofewa ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Ngati mukufuna kuifunditsa, gulani chinsalu chopuma chosokedwa molingana ndi galimotoyo. Lona wa pulasitiki amasunga chinyontho ndipo mphepo ikamamuwomba amakanda penti ndi mawindo.

6. Mabatire

Motorhome ili ndi mabatire awiri: lolizira injini ndi la m'nyumba. Onse amatha okha pang'onopang'ono, ndipo alamu, wailesi ndi kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa zimakoka moto usana ndi usiku. Masabata ochepa okha akhoza kugwetsa batire la injini. Batire la mtovu likakhala lopanda moto nthawi yaitali limawonongekeratu, ndipo lotheratu likhoza kuundana n'kung'ambika.

Yezani ndi mita batire litapuma maola angapo osatchajidwa:

- 12.7V: ladzaza.
- 12.4V: litchajeni tsopano.
- 12.2V: latsala pafupifupi theka.
- Kuchepera 12V: latheratu, ndipo mwina lavulala.

Njira zosungira moto zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulumikiza galimoto ku magetsi a m'nyumba. Chingwe chake mutambasule chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha, ndipo soketi ikhale yotetezedwa ndi RCD, kachipangizo kodula magetsi pakachitika vuto. Werengani buku la galimoto yanu: matchaja amakono amadziletsa okha batire likadzaza, koma akale amaliphika mukawasiya osazimitsa, ndipo ena amatchaja batire la m'nyumba lokha. Yachiwiri ndi sola ya padenga. Imathandiza, koma pakati pa Disembala ku London dzuwa silikwana maola 8 ndipo limadutsa m'munsi, choncho muziyezabe. Kumbukiraninso kuti chinsalu chofunditsa chimatseka solayo. Yachitatu ndi kuchotsa batire la m'nyumba n'kulisunga pouma podutsa mpweya, n'kumalitchaja mwezi ndi mwezi. Batire la mtovu limatulutsa mpweya woyaka potchaja, choncho pafupi pasakhale moto kapena fodya.

Mabatire a lithium ali ndi khalidwe lina. Satchajidwa kukazizira kufika pansi pa madigiri 0, ndipo amasungika bwino asanadzaze kwambiri. Tsatirani malangizo a kampani imene inawapanga.

7. Gasi

Gasi wa m'masilinda ndi wa mitundu iwiri. Butane, amene a Calor amamugulitsa m'masilinda a buluu, amaleka kutuluka kuzizira kukayandikira madigiri 0. Propane, wa m'masilinda ofiira, amagwirabe ntchito mpaka madigiri 40 pansi pa 0. Amene amayenda nyengo yozizira asankhe propane.

Silinda ikhale yoimirira, yomangidwa ndi lamba, yotseka. Mukaichotsa m'galimoto isungeni panja podutsa mpweya, kutali ndi ngalande ndi moto, osati m'chipinda cha pansi pa nyumba. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akatayika amatsikira pansi. N'chifukwa chake pansi pa kabati ya masilinda ndi pansi pa chitofu pali mabowo. Mabowo amenewa asatsekedwe ndi nsanza kapena tepi, kaya pofuna kuletsa mphepo kaya mbewa. Ikani sefa wa waya.

Paipi ya labala ya gasi ili ndi chaka cholembedwa pamwamba pake. Ambiri amaisintha ikakwana zaka 5, kapena msanga ikaonetsa ming'alu. Mukakayikira kuti gasi akutuluka, pakani thovu la sopo polumikizira n'kuona ngati likutukusira. Musayese ndi machesi. Ntchito iliyonse yomasula mapaipi a gasi ndi ya mmisiri wovomerezeka.

CHENJEZO: Musayatse mbaula, makala kapena chowotchera nyama m'kati mwa motorhome, ngakhale pofuna kuumitsa chinyezi. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo amautulutsabe ngakhale akuoneka ngati azima. Mukhale alamu ya mpweyawu, alamu ya utsi ndi chozimitsira moto. Ma alamu muziwayesa mwezi uliwonse.

8. Matayala, Mabuleki ndi Injini

Matayala a motorhome kawirikawiri amakalamba asanaperepeseke. Amasenza katundu wolemera ataima malo amodzi, dzuwa likuwawomba, ndipo amang'ambika m'mbali mapazi ake akadali akuya. Lamulo limafuna kuya kosachepera mamilimita 1.6, koma onaninso zaka. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Tayala lolembedwa 2319 linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Likapitirira zaka 5 liziyang'aniridwa bwino, ndipo lisapitirire zaka 7 ngakhale likuoneka latsopano. Mpweya uzikhala pa muyezo wa m'buku. Matayala olembedwa CP anapangidwira magalimoto oima nthawi yaitali atasenza katundu.

Pamalo osatsetsereka, ikani galimoto m'giya, ikani zotsekera matayala kutsogolo ndi kumbuyo, kenako masulani handibuleki. Handibuleki yokoka miyezi yambiri imamatirira. Pamalo otsetsereka musayese zimenezi.

Thanki ya dizilo ikhale yodzaza. Thanki ya theka imachita mame mkati, ndipo madziwo akakumana ndi dizilo wa masiku ano, amene amasakanizidwa ndi mafuta a zomera mpaka 7 peresenti, mumamera ndere zotseka fyuluta.

Kuliza injini pakhomo kwa mphindi khumi sikuthandiza. Injini ya dizilo sitentha mokwanira itangoima, nthunzi imatsalira mu ekizozi, ndipo mwaye umadzaza fyuluta ya utsi ya DPF. Chofunika ndi kuiyendetsa kamodzi pamwezi kwa theka la ola kapena kuposa, pamsewu wothamanga, mpaka itenthe bwino. Paulendowo pondani mabuleki kangapo kuti dzimbiri lichoke ndipo yatsani eyakoni. Ngati ili pa SORN, isunthireni patsogolo kapena pambuyo pang'ono pabwalo pomwepo kuti tayala lisakhalire mbali imodzi.

Sevisi iziyendera zaka, osati mtunda wokha. Oyilo, mafuta a mabuleki ndi lamba wa timing zimakalamba ngakhale galimoto isakuyenda. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi ndipo makampani ambiri amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Lamba akaduka amawononga injini yonse, choncho onani m'buku zaka zimene ayenera kusinthidwa.

9. Mbewa ndi Makoswe

Motorhome yoima ili ngati nkhokwe yosayang'aniridwa: mwafunda, mwauma, mulibe wosokoneza. Mbewa imalowa pabowo la mamilimita 6, kukula kwa pensulo. Ikalowa imaboola makushoni, mapaipi ndi mawaya, ndipo waya wotafunidwa akhoza kuyambitsa moto. Sesani nyenyeswa zonse, chotsani mapepala ndi sopo, tsekani mipata yodutsa mapaipi ndi mawaya ndi sefa wa waya, ndipo galimoto isayandikane ndi mabini, mulu wa nkhuni kapena chakudya cha mbalame. Tcherani misampha ndi kumaiyendera. Poizoni si wabwino muno, chifukwa mbewa imakafera kuseri kwa khoma kumene dzanja silifika. Muzitsekulanso boneti kuona ngati sizinamange chisa pa injini.

10. Kuteteza ku Mbala

Mbala imafuna ntchito yachangu, choncho chilichonse choichedwetsa n'chothandiza. Ikani loko wooneka pa chiwongolero, loko wa tayala, ndi mzati wokhoma pakhomo lolowera ngati n'kotheka. Makampani ambiri a inshuwalansi amafuna alamu kapena chipangizo cholondolera galimoto chovomerezedwa ndi bungwe la Thatcham. Makiyi asakhale pafupi ndi chitseko cha nyumba, ndipo buku la galimoto la V5C lisagone m'galimoto. Kumbukiraninso kuti motorhome ikachoka pabwalo aliyense amadziwa kuti eni nyumba achoka. Pemphani mnansi aimikepo galimoto yake, ndipo zithunzi za ulendo mudzaziike pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp mutabwerako.

11. Kwa Amene Ali ku South Africa

Malangizo ambiri a m'kabukuka ndi omwewo, kupatula a DVLA, SORN ndi MOT. Ku Gauteng chisanu chimagwa mu Juni ndi Julayi, choncho madzi akhuthulidwe nthawi imeneyo. M'dzinja kumagwa matalala otha kuswa mawindo a padenga ndi sola, ndipo dzuwa la kumeneko limaumitsa phala ndi matayala msanga, choncho shedi ndi yofunika. M'mbali mwa nyanja, monga ku Durban ndi Cape Town, mpweya wa mchere umafulumizitsa dzimbiri, ndipo kunsi kwa galimoto kuzitsukidwa pafupipafupi.

12. Ndondomeko ya Ntchito

Sabata iliyonse: zungulirani galimoto, onani pansi ngati pakudontha kanthu, yenderani misampha.

Mwezi uliwonse: yezani mabatire ndi mpweya wa matayala, yesani ma alamu, tsekulani mawindo tsiku louma, nunkhizani ndi kudina makoma, chotsani masamba padenga, yendetsani galimoto.

Miyezi itatu iliyonse: yezani chinyezi ndi kachipangizo, yang'anani phala la padenga ndi la m'mawindo, pakani malabala a zitseko mafuta a silikoni.

Chaka chilichonse: MOT, sevisi ya injini, habitation check, inshuwalansi, zaka za matayala ndi za paipi ya gasi.

13. Pokonzekera Ulendo Wina

Yambani kutatsala sabata yathunthu, kuti vuto likapezeka mukhale ndi nthawi yolikonza.

1. Ngati inali pa SORN, onetsetsani kuti MOT ndi inshuwalansi zilipo, kenako lipirani msonkho.
2. Tsekani mavalavu ndi mipopi, tsukani thanki, thirani madzi, yatsani pampu, ndipo suzumirani pansi pa sinki, pa giza ndi kuseri kwa chimbudzi ngati pakuchucha. Pampu ikamalira yokha mipopi ili yotseka, penapake pakudontha kapena mwatsala mpweya.
3. Giza idzaze madzi musanaiyatse.
4. Tsekulani gasi ndi kuyatsa chitofu. Lawi likhale la buluu. Lachikasu kapena lamwaye likusonyeza vuto, zimitsani ndipo muitane mmisiri.
5. Yesani furiji pa magetsi ndi pa gasi, ndipo muiyatse dzulo lake la ulendo kuti izizire.
6. Onani oyilo, madzi a injini, mawaipa, magetsi onse ndi matayala, la sipeya lomwe.
7. Kokani handibuleki musanachotse zotsekera matayala, ndipo yesani mabuleki musanalowe mumsewu waukulu.
8. Samalani kulemera. Laisensi wamba imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo galimoto iliyonse ili ndi malire ake olembedwa pa kachitsulo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 yodzaza ikulemera kuposa munthu wamkulu. Pitani pa sikelo ya magalimoto kamodzi mutapakira zonse, banja lonse lili momwemo.

Pomaliza, m'galimotomo muzikhala kope lolembamo tsiku ndi ntchito imene yachitika, manambala a batire ndi a chinyezi, pamodzi ndi malisiti onse. Ntchito zigawidwe pabanja: wina mabatire ndi matayala, wina madzi ndi furiji, ana okulirapo misampha ndi ma alamu. Kopelo lidzakuonetsani vuto likamayamba, chifukwa nambala ya mwezi uno mudzaiyerekeza ndi ya mwezi watha. Lidzathandizanso tsiku logulitsa, poti wogula wochenjera amayamba wafunsa mapepala a chinyezi ndi a sevisi asanakambe za mtengo.